Khoma Ndinalikwera Kawiri

Mlamu wanga Si Allal ali ndi kasekedwe kake kowawa kuposa mbama. Saseka ndi pakamwa, amasekera m'mphuno, kenako n'kupukuta ndevu ngati wadya chonona. Anandiseka choncho Lachisanu lina pa tiyirumu ya Mimoun, pakati pa tawuni yathu ya Azrou, pamaso pa gulu lake lonse la opalasa njinga, nditapita kukapempha kuti Lamlungu ndizipalasa nawo.

"Alamu," anatero, "kuno si kumsika kokagula tomato. Inu muzingozungulira bwalo la mpira lija monga mumachitira. Ana amasangalala nanu."

Ndinali ndi zaka 43, ana atatu, ndi njinga yothamangitsira imene mchimwene wanga anandisiyira popita ku Spain. Kwa zaka ziwiri ndinkaipalasa ndekha m'mamawa ndisanapite koluka makapeti. Mwamuna wanga Bassou, mng'ono wake wa Si Allal yemweyo, amayendetsa lole ndipo analibe nazo vuto, ankangoti bola ndisathyoke mwendo iye ali kutali. Wovuta anali mkulu wakeyu, amene anapuma ntchito ya uphunzitsi koma kulamula sanapume.

Gulu lawo lili ndi lamulo limene ngakhale mphaka wa pa tiyirumupo akulidziwa. Wofuna kulowa amazungulira nawo mapiri makilomita 104, kunyamuka pakhomo pa Mimoun 10 koloko n'kudzafikanso pomwepo kumzikiti asanaitane mapemphero a chakumadzulo. Ndipo pa chitunda chimene amachitcha Khoma, phazi lisagunde pansi.

"Lamulo lanulo ndikulidziwa," ndinatero. "Ndiyeseni."

"Mukalephera?"

"Sindilephera."

"Ndati mukalephera, alamu. Ifetu sitingataye Lamlungu lathu kudikira munthu amene mawa adzabweranso kudzativutitsa."

Magazi anandikwera kumutu. Ndinaika dzanja pa buledi amene anali patebulo pawo n'kunena mokweza kuti ndi odutsa mumsewu omwe amve: "Ndikulumbira pali Mulungu, phazi likagunda pansi pa Khoma, kapena ndikafika pano ataitana kale, njinga ndigulitsa ndipo sindidzakweranso."

Mimoun anasiya kuthira tiyi, ketulo ili m'malere. Haddou wogulitsa nyama, munthu wa mimba yake koma wa mtima wabwino, anagwira pakamwa.

"Mayi Itto, mwatchulatu Mulungu pamenepa."

Ndinali nditamutchuladi. Pobwerera kunyumba ndinadzitukwana njira yonse, chifukwa njinga ija inali chinthu chokha pa dziko lino chimene chinali changachanga, chosagawana ndi mwana kapena mwamuna. Koma walira mvula walira matope.

Lamlungu kunacha ndi kamphepo kozizira ka nyengo yothyola maapozi. Ndinafika nditavala buluku lalitali, mpango kumutu ndi chipewa cha njinga pamwamba pake. Iwo anali m'timakabudula tawo tothina, miyendo yometa bwinobwino, kumapazi nsapato za zitsulo kunsi zimene zimakola pa mapedulo. Munthu akavala nsapato zimenezo amayenda ngati bakha.

Phiri loyamba limayambira pomwe pathera nyumba. Ndinadziika kumbuyo kwenikweni kwa tayala la Si Allal, moti akanachita kulavula akanandilavulira. Akawonjezera moto, ine n'kuwonjezera. Akacheuka, n'kumumwetulira ngakhale m'chifuwa mukuyaka. Tinalowa m'nkhalango ya mikungudza, anyani ali ndandanda m'mbali mwa msewu kudikira mtedza wa alendo, ndipo Haddou, amene ankapuma ngati mvukuto, anapezabe mpweya woseleulira.

"Si Allal, achibale anu awo akukupatsani moni!"

"Tseka pakamwa upalase, nkhosa iwe. Ukusiyidwa ndi mzimayi."

"Mzimayi amene akukusiyaninso inu posachedwapa!"

Pamwamba pake mitengo imatha, kumangotsala miyala, nkhosa ndi mphepo. Agalu a abusa anatithamangira atatu, akuluakulu ngati ana a ng'ombe. Amunawo anatukula miyendo n'kumakuwa. Ine ndinakulira kumudzi kwa nkhosa, ndiye ndinangowakalipira m'chinenero chimene amachimva, iwo n'kubwerera michira ili pansi. Palibe anandiyamika. Phiri lachiwiri ndinalikwera ndili wachinayi, ndipo titaima pakasupe kudzaza mabotolo, Si Allal anayang'ana wotchi yake nthawi yaitali kuposa mmene wotchi imafunira.

"Musatuluke thukuta lonse, alamu," anatero. "Sungani lina. Khoma limafuna lakelake."

Khoma si lalitali, ndi makilomita awiri okha basi. Koma limayamba pa mlatho n'kungoima chilili, kudutsa m'kamudzi ka nyumba zadothi kamene kanamatirira pa phiri, n'kukathera pa mpanda wa manda pamwamba. Amene anakonza msewu umenewo ankaganiza za abulu, osati anthu. Tinafika pa mlathopo cha m'ma 2 koloko, nthawi tili nayo yokwanira. Ndinaika giya yofewa kwambiri, ndinatchula dzina la Mulungu, n'kuyamba.

Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinabwera chikuimba. Tisanafike pakati pa mudzi tinamva mawu a amuna ambiri akubwereza kuti palibe wina koma Mulungu, ndipo patsogolo pathu panatulukira chithatha chofundidwa nsalu yobiriwira, chili pamapewa, chikulowa mumsewu kulunjika kumanda. Msewu wonse unadzaza.

Mwamuna akakumana ndi maliro sadutsa. Amatsika pa chimene wakwera, n'kuikapo phewa lake masitepe angapo, ngakhale womwalirayo sakumudziwa. Anzanga aja anachita zomwezo mosaganiza n'komwe. Nsapato zinalira kwe kwe kwe pochoka pa mapedulo, njinga zinagonekedwa m'mbali, ndipo onse anathamangira kuchithatha akuterereka pa phula.

Ine ndiye ndinali pakati pa moto ndi madzi. Kupitirira maliro ndili pa njinga, ndiko kutukwana mudzi wonse. Kuwatsata, mkazi satsata maliro kumanda. Kuima, phazi ligunda pansi. Ndinaona Si Allal akucheuka, phewa lili kale pansi pa chithatha, ndipo sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana mapazi anga.

Ndinayamba kupalasa mokhotakhota, uku ndi uku, kuti njinga isaime. Inkanjenjemera pansi panga. Ndinafika pa nyumba yomaliza ya mudziwo, pamene amayi amathera polira maliro, ndipo mphamvu zinandithera pomwepo. Njinga inapendekeka. Ndinatseka maso kudikira kugwa, koma sindinagwe. Manja anandigwira, ena pa handulo, ena pa chishalo, ena m'chiuno.

"Musandisiye!" ndinatero. "Chonde amayi, phazi langa lisagunde pansi, ndinalumbira!"

Palibe anafunsa kuti ndinalumbiriranji. Mkazi akauza akazi anzake kuti walumbira, amadziwa okha kuti pali mwamuna wina amene anamufikitsa pamenepo. Anandigwira zolimba ndili khale pa njinga, mapazi pa mapedulo.

Amene anagwira handulo anali mayi wamng'ono thupi, wokalamba, atavala kale zoyera za namfedwa. Ndinamva ena akumutchula kuti mayi Tamou. Maso ake anali ouma gwa. Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumatayala.

"Ukupita kumtunda, mwanangu?"

"Ndimafuna kutero, amayi. Mulungu akulimbitseni mtima."

"Zolimbitsa mtimazo ndamva zokwana kuyambira dzulo. Tamvera. Amene akupita apoyo ndi mwamuna wanga Assou. Zaka 31 ndakhala ndikumuphikira. Ana a mkazi wake woyamba ndi amene akumba manda, ndipo sakundiuza kuti akumba pati. Mayi wawo Hadda ali pansi pa mtengo waukulu, ndi umodzi wokha m'mandamo. Apongozi anga ali cha kumpanda, kufupi ndi msewu. Ukandionere kumene akamuike."

Mayi wina anamugwira mkono. "Tamou, mkazi sapita kumanda lero, ukudziwa."

"Ndani wati apite kumanda? Akuyenda mumsewu. Msewu ndi wa boma." Anatembenukiranso kwa ine. "Ukaone, ubwere udzandiuze. Ine sindituluka m'nyumba mwanga miyezi inayi ndi masiku khumi a unamfedwa. Ndisagone ndikuganizira."

"Ndibwera, amayi," ndinatero. Pakamwa panga pamathamanga kuposa njinga.

Anandikankha onse pamodzi, ndipo ndinayambanso kukwera.

Amene sanapalasepo njinga amaganiza kuti kuyenda pang'onopang'ono n'kosavuta. Pa Khoma, kuyenda liwiro la anthu onyamula maliro kuli ngati kuimirira pa mpando wa mwendo umodzi. Ndinasiya mpata pakati pa ine ndi munthu womaliza, n'kumadula msewu kuchoka mbali ino kupita mbali inayo, tayala lakutsogolo likufuna kunyamuka. Ntchafu zinkayaka. Thukuta linalowa m'maso ndipo ndinalibe dzanja lopukutira. Mkulu wina wa ndodo amene anali kumapeto kwa mzere anacheuka n'kundiona.

"Mkazi iwe! Bwerera! Ukutsata maliro?"

"Ndikutsata msewu, bambo!"

"Ulibe manyazi?"

"Ndili nawo, koma ndilibe mpweya!"

Anakweza ndodo, kenako anaitsitsa, chifukwa nayenso chitunda chinali chitamugwira pakhosi.

Anzanga aja, atapereka mapewa awo, anabwerera kunjinga zawo. Apa ndi pamene Khoma linawaonetsa chimene lili. Ukaima pakati pake sungayambenso. Ndinkamva kumbuyo kwanga wina akuyesa, nsapato ikuphonya pedulo, njinga ikugwa, munthu akutukwana motsitsa mawu poopa maliro. Mapeto ake onse anayamba kukankha njinga wapansi. Sindinacheuke, koma kwe kwe kwe wa nsapato zawo ankandikomera m'makutu ngati ng'oma ya ukwati.

Ndinafika pa mpanda wa manda, pamene Khoma limathera, ndinapitirira pang'ono kuti pasadzakhale mkangano, n'kutsitsa phazi. Ndinatsamira mpandawo, ndili mumsewu wa boma, n'kuyang'ana mkati. Cha kufupi ndi msewu kunalibe dothi latsopano. Mulu wa dothi lofiira unali pansi pa mtengo waukulu, ndipo chithatha chinalunjika komweko.

Gulu linafika mmodzimmodzi, nkhope zili pansi. Si Allal anafika womaliza, bondo litasupuka.

"Chabwino," anatero osandiyang'ana. "Khoma mwakwera, taona tonse. Kwatsala makilomita 40 ndipo mphepo ili kumaso. Tiyeni."

"Tsogolani. Ine ndikutsika kaye."

"Mukutsika kuti?"

"Kumudziko. Namfedwa wandituma, akudikira yankho."

Haddou anayandikira n'kulankhula motsitsa, ngati akunyengerera mwana.

"Mayi Itto, mwapambana kale. Amunawa akabwerako kumanda akawauza mayiwo. Mukatsika, n'kudzakweranso, n'kupalasa nokha mumphepo iyi, simufika nthawi yake. Njinga ipita."

"Amunawo akawauza kuti tamuika bwino. Funso lake si limenelo."

"Alamu," Si Allal anatero, "kumzikiti sakudikirani. Ndipo ine sindinakukakamizeni kulumbira."

"Simunandikakamize. Nawonso mayiwo sanandikakamize kulonjeza. Pitani, mungachedwe."

Ndinatembenuza njinga. Mtima unkandiuza kuti ndine chitsiru, ndipo unkanena zoona, koma manja amene anandigwira aja ndinkawamvabe m'chiuno. Ndinatsika nditafinya mabuleki mpaka zala kuuma.

Mayi Tamou anali pomwe ndinawasiya, pa nyumba yomaliza. Atandiona anatuluka pakati pa anzawo.

"Nena."

Ndikanatha kunama. Ndinaganizapo potsika. Koma munthu amene wakugwira kuti usagwe sumupatsa bodza.

"Pansi pa mtengo, amayi. Pambali pa mayi Hadda."

Amayi ena aja anayang'ana pansi. Misozi ya mayi Tamou imene inakana kutuluka kuyambira dzulo inatsika iwiri yokha. Anaipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo yoyera.

"Ndimadziwa," anatero. "Amutenge. Amve nawo mkonono wake, ine ndaupirira mokwanira." Kenako anandigwira dzanja mwamphamvu. "Nanga mbali inayo? Pali malo?"

"Alipo, amayi. Okwanira munthu mmodzi."

"Basi. Asaganize kuti wandithawa." Anandisisita tsaya ndi chikhatho chokhakhala. "Pita mwanangu, amuna ako akusiya."

"Si anga, amayi, Mulungu andipulumutse."

Mmodzi wa iwo anaseka n'kudzitseka pakamwa msanga, pokumbukira kuti ali pamaliro. Anandiika mkuyu wouma m'kamwa, anandigwiranso, n'kundikankha.

Ulendo wachiwiri panalibe wondiona. Ndikanatha kutsika n'kukankha, lumbiro langa la pa Khoma linali litakwaniritsidwa kale. Sindinatsike. Ndinakwera ndikulankhula ndi Si Allal mumtima, mawu amene sindingawalembe pano, ndipo mawu aliwonse ankazunguza pedulo kamodzi. Podutsa pamanda ndinapeza akukwirira.

Makilomita 40 otsalawo ndinalimbana nawo ndekha. Pagulu mumabisalirana mphepo, koma ukakhala wekha yonse imakhala yako. Ndinagona pa handulo n'kupalasa ngati ndikuthawa moto. Mwendo wakumanzere unakokana mitsempha kawiri, ndinaumenya ndi chibakera n'kupitiriza. Ndinadutsa minda ya maapozi, malole opakira mabokosi, kenako ndinaona madenga obiriwira a tawuni yathu pansi panga, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti mwina ndifika.

Mawu a kumzikiti anandipeza pa malo omwetsera mafuta, kutatsala kilomita imodzi yokha. Anayamba mzikiti umodzi, wina n'kulandira, mpaka tawuni yonse. Ndinalira, osati ndi chisoni koma ndi ukali, misozi ikuuma yokha ndi mphepo. Kilomita imeneyo ndinaipalasabe ndi mphamvu zonse.

Ndinalipeza gulu lija litakhala pa tiyirumu. Palibe anaseka. Mimoun anandibweretsera tambula ya tiyi ine ndisanapemphe, ndipo ndinaimwa chiimire, dzanja lina lili pa handulo.

Si Allal anakonza pakhosi. "Alamu, mwapalasa bwino, sindikana. Koma mwafika ataitana kale, ndipo lumbiro ndi lumbiro. Ndikudziwa munthu mumzinda wa Meknes amene angaigule pa mtengo wabwino."

"Si Allal," anatero Haddou, "ifetu tonse takankha njinga pa Khoma."

"Chifukwa cha maliro."

"Inenso n'chifukwa cha maliro omwewo," ndinatero. "Kungoti ine ndakwera kawiri."

"Zimenezo mukauze Mulungu amene munamutchula."

"Ndamuuza kale panjira." Ndinaika tambula patebulo. "Aphunzitsi, mwaiwala zimene munkaphunzitsa ana athu? Munthu akalumbira, kenako n'kuona kuti pali chabwino choposa chimene analumbiracho, amatani?"

Anayankha ndi Mimoun ali pakhomo, thireyi ili m'manja.

"Amathyola lumbirolo, n'kudyetsa osauka khumi."

"Ndiye ndalithyola. Mwamva nonse, njinga sindigulitsa."

Mawuwo anandilemera potuluka, chifukwa sindinathyolepo lumbiro chibadwire, ndipo ndinkadziwa kale makomo khumi enieni a kuseri kwa msika kumene ndidzapereke chakudyacho. Mulungu sitichita naye nthabwala. Koma mlamu timachita naye. Ndinatambasula chala n'kuyamba kuwawerenga mmodzimmodzi mokweza, kuyambira kwa Haddou kuzungulira tebulo lonse. Anakwana khumi ndisanafike pa Si Allal.

"Lachisanu nonse mubwere kwathu mudzadye kusikusi," ndinatero, kutchula chakudya chathu cha tirigu cha pa Lachisanu. "Alamu, inu ndinu basera."

"Ndani wakuuzani kuti ife ndi osauka?"

"Ndakuonani pa Khoma. Umphawi ngati umene uja sindinauonepo."

Haddou anaphulika ndi phwete mpaka tiyi kutulukira m'mphuno, ndipo ena anamutsatira, akumenya matebulo. Si Allal anaimirira nkhope itafiira.

"Mwathyola lumbiro pamaso pa anthu, alamu. Tawuni yonse imva."

"Imve. Imvenso chifukwa chake. Lamlungu 10 koloko mundipeza pano, mukafuna mudzanditsekere msewu wa boma."

Ndinayesa kukwera kuti ndichoke mwaulemu wanga, koma mwendo unakana kudutsa pa chishalo. Ndinaikankha njingayo mpaka kunyumba, ndinaikweza masitepe onse ndikupumira panjira, ndipo sindinaisiye pakhonde monga mwa masiku onse. Ndinailowetsa kuchipinda n'kuiimika pambali pa bedi, mbali imene amagona Bassou.